Chifukwa chimene mawu akuti ng'ombe amasandukira ng&#39;ombe pa intaneti

Munthu amene wagwiritsa ntchito intaneti kwa kanthawi anakumanapo ndi mawu ooneka ngati osweka. Pa tsamba lina mawu akuti ng'ombe amaoneka ngati ng&#39;ombe, pa lina amaoneka ngati ng\'ombe, ndipo mu imelo ina amafika ngati ngâ€™ombe. Dzina la dziko likalembedwa ndi chilembo cha ŵ limatha kutuluka ngati MalaÅµi, pamene mu adiresi ya tsamba limaoneka ngati Mala%C5%B5i. Ambiri akaona zimenezi amaganiza kuti foni yawo yawonongeka kapena kuti wolemba anaphonya zilembo, koma nthawi zambiri vuto silikhala pa foni kapena pa wolemba. Mwa zitsanzo zisanuzi, chomalizacho n'cholondola ndipo chinalembedwa motero mwadala, pamene zinayi zinazo ndi zolakwa zochokera ku magwero atatu osiyana. Zonse zikukhudza ntchito ziwiri zimene olemba mapulogalamu amazitcha encoding ndi escaping, ndipo munthu akamvetsa ntchito ziwirizi amathanso kumvetsa mmene akuba ena amalowera m'makompyuta a makampani akuluakulu.

Mawu a uthenga ndi mawu a malamulo

Gwero la nkhani yonseyi ndi lakuti makompyuta amatumiza zinthu ziwiri zosiyana pamzere umodzi wa zilembo. Chinthu choyamba ndi deta, kutanthauza mawu enieni amene munthu walemba, monga dzina lake kapena uthenga wake. Chinthu chachiwiri ndi malamulo ouza pulogalamu yolandira chochita, monga akuti apa mawu ayamba, apa athera, apa payambe ndime yatsopano. Popeza zonsezi zimalembedwa ndi zilembo za pa kiyibodi yomweyo, chilankhulo chilichonse cha kompyuta chimapatula zizindikiro zingapo n'kuzipatsa udindo wa malamulo. Zimenezi ndizo zimatchedwa zizindikiro zapadera.

Taganizirani agogo amene akulembetsa kalata kwa mdzukulu wawo. Akanena kuti "leka kaye", mdzukuluyo ayenera kudziwa ngati akumuuza iyeyo kuti aimitse cholembera, kapena ngati mawuwo ndi a m'kalata, olangiza mwana wawo wa ku tauni kuti aleke kaye zimene akuchita. Agogo anzeru amayamba ndi kunena kuti "izi ulembe momwemo", ndipo mdzukulu amadziwa kuti mawu otsatirawo si ake. Escaping ndi chenjezo lotero: chizindikiro chimene chimaikidwa patsogolo, kapena kalembedwe kena kolowa m'malo, kouza pulogalamu kuti chizindikiro ichi ndi deta wamba, osati lamulo. Kusiyana kwake n'kwakuti mdzukulu amatha kumva tanthauzo kuchokera pa kamvekedwe ka mawu ndi nkhope ya agogo, pamene pulogalamu imatsata lamulo lolembedwa lokha.

Njira imeneyi ndi yakale kuposa masamba a pa intaneti. Ndondomeko ya ASCII, imene inatuluka koyamba mu 1963, inapatsa nambala zilembo ndi zizindikiro 128, ndipo katswiri wa ku IBM, Bob Bemer, ndiye amakumbukiridwa kuti analimbikitsa kuti mukhale chizindikiro cha ESC komanso kamzere kopendekera kumbuyo, \, kamene kamatchedwa backslash. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chilankhulo cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs, chinagwiritsa ntchito backslash monga chenjezo mkati mwa mawu: \n amatanthauza mzere watsopano, \" amatanthauza mtengero wamba wosatseka mawu. Pomwepo panabuka funso limene limabwerera m'ndondomeko iliyonse: nanga munthu akafuna kulemba backslash yeniyeniyo achite bwanji? Yankho linali kuilemba kawiri, \\. Zilankhulo zina za kompyuta monga Java, JavaScript, PHP ndi Python zinatengera mwambo womwewu.

Zilembo zisanayende, zimasanduka manambala

Encoding ndi ntchito ina, ngakhale kuti anthu amaisokoneza ndi escaping. Kompyuta siisunga chilembo monga momwe diso limachionera. Imasunga manambala otchedwa ma byte, ndipo encoding ndi mgwirizano wonena kuti nambala iti ikuimira chilembo chiti. ASCII inakwanira Chingerezi koma inalibe malo a zilembo za zilankhulo zina, choncho mayiko ndi makampani anapanga ndondomeko zawozawo zimene sizinkamvana. Unicode, imene inatuluka koyamba mu 1991, inapatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake, ndipo mu 1992 Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza UTF-8, njira yosungira manambalawo m'ma byte kuyambira imodzi mpaka inayi, yosasintha chilichonse pa zilembo zakale za ASCII.

Chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'chilankhulo cha ku Wales, chili ndi nambala U+0175, ndipo mu UTF-8 chimasungidwa m'ma byte awiri, C5 ndi B5. Pulogalamu yolandira ikaganiza molakwa kuti ma byte amenewa analembedwa m'ndondomeko yakale ya Windows-1252, imawerenga iliyonse payokha, C5 n'kukhala Å, B5 n'kukhala µ, ndipo ndi mmene MalaÅµi amabadwira. Chimodzimodzinso ngâ€™ombe: nkhodolero yopindika, imene mapulogalamu olembera monga Microsoft Word amaika okha m'malo mwa yowongoka, ili ndi ma byte atatu, E2, 80 ndi 99, amene akawerengedwa molakwa amasanduka â, € ndi ™. Apa palibe chizindikiro chimene chasokonezedwa ndi lamulo. Wolemba ndi wowerenga angosiyana ndondomeko. Mankhwala ake ndi osavuta kunena: tsamba, seva (kompyuta yosunga ndi kutumiza masamba) ndi database (nkhokwe ya deta) zonse zigwirizane pa UTF-8 ndipo zilengeze poyera kuti zikugwiritsa ntchito imeneyo.

Adiresi ya tsamba ndi chizindikiro cha peresenti

Adiresi ya tsamba, imene imatchedwa URL, ili ndi zizindikiro zake zapadera. Kamzere ka / kamalekanitsa zigawo za njira, ? amasonyeza poyambira mafunso opita ku seva, & amalekanitsa funso lina ndi linzake, = amalumikiza dzina ndi zimene lanyamula, ndipo # amaloza gawo la m'kati mwa tsamba. Malamulo ake analembedwa mu chikalata cha RFC 1738 mu 1994, mmodzi mwa olemba ake ali Tim Berners-Lee, ndipo anakonzedwanso mu RFC 3986 mu 2005. Chikalata cha 2005 chimati zilembo za Chingerezi, manambala ndi zizindikiro zinayi, zimene ndi - . _ ndi ~, zikhoza kuyenda momwe zilili. China chilichonse chimene chikuyenda monga deta chiyenera kulembedwa ndi % wotsatiridwa ndi nambala ya byte yake m'kawerengedwe ka hexadecimal, kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi A mpaka F. Motero mpata umakhala %20, & amakhala %26, nkhodolero yowongoka imakhala %27, ndipo ŵ, wokhala ndi ma byte awiri, amakhala %C5%B5. Chizindikiro cha % chenichenicho chimalembedwa %25.

Kufunika kwake kumaoneka munthu akafufuza dzina la sitolo lokhala ndi & pakati, monga Banda & Sons. Ngati & sanasandutsidwe, seva imaona ngati funso lathera pa mawu akuti Banda ndipo payamba funso lina, choncho theka la dzinalo limatayika popanda uthenga uliwonse wochenjeza.

Pali msampha wina umene wavutitsa olemba mapulogalamu kwa zaka zambiri. Mafomu a pa masamba amatumiza deta m'kalembedwe kotchedwa application/x-www-form-urlencoded, kamene kamafanana ndi ka URL kupatula pa chinthu chimodzi: mpata umalembedwa ngati +. Zotsatira zake n'zakuti + weniweni ayenera kulembedwa %2B, apo ayi seva idzamuwerenga ngati mpata. Nambala ya foni yoyamba ndi +265 ikatumizidwa osasandutsidwa, imafika ku seva ili ndi mpata kutsogolo m'malo mwa +, ndipo pulogalamu yotumiza uthenga ikhoza kuikana kapena kulephera kuipeza m'kaundula. Wogwiritsa ntchito amangoona kuti uthenga wotsimikizira sunafike.

Zilankhulo zamapulogalamu zili ndi zida zosiyana za makalembedwe awiriwa, ka URL ndi ka mafomu, ndipo mayina ake sathandiza kwenikweni kusiyanitsa. Mu PHP, urlencode imasandutsa mpata kukhala + pamene rawurlencode imausandutsa %20. Mu Python, quote_plus ndi quote zimasiyana chimodzimodzi. JavaScript ili ndi encodeURI, imene imasiya / ? & ndi # osakhudzidwa chifukwa imayembekezera adiresi yathunthu, ndi encodeURIComponent, imene imazisandutsa chifukwa imayembekezera kachigawo kamodzi ka deta. Ilinso ndi chida chakale chotchedwa escape, chimene chimalemba ŵ ngati %u0175, kalembedwe kamene malamulo a URL sanakavomereze. Chinasiyidwa m'chilankhulocho pofuna kuti masamba akale asafe, koma sichiyenera kugwiritsidwa ntchito pa pulogalamu yatsopano. Ndi bwinonso kudziwa kuti encodeURIComponent siikhudza nkhodolero, motero adiresi imene yatuluka m'menemo siinakonzekere kuikidwa paliponse popanda kuganiza.

HTML ndi ngozi ya malamulo obisala

Tsamba lenilenilo limalembedwa mu HTML, imene inatengera kalembedwe kake ku SGML, ndondomeko imene bungwe la ISO linavomereza mu 1986. Muno zizindikiro zapadera ndi < ndi >, zimene zimatsegula ndi kutseka malamulo, mitengero imene imazinga zinthu za m'kati mwa malamulowo, ndi &, amene ndiye chenjezo. Kalembedwe kolowa m'malo kamayamba ndi & n'kuthera ndi ; motere: &lt; amaimira <, &gt; amaimira >, &quot; amaimira mtengero, &amp; amaimira & mwiniwakeyo, ndipo &#39; amaimira nkhodolero, popeza 39 ndi nambala yake mu ASCII. Browser, pulogalamu yotsegulira masamba, ikaona ng&#39;ombe m'kati mwa HTML imaonetsa ng'ombe. Wowerenga akaona ng&#39;ombe ndi maso ake, ndiye kuti mawuwo asandutsidwa kawiri, kapena atumizidwa kumalo osawerenga HTML monga SMS.

Kuiwala escaping mu HTML n'koopsa kwambiri kuposa kuichita mopyola. Tsamba likatenga mawu a mlendo n'kuwaonetsa kwa anthu ena osawasandutsa, mlendoyo akhoza kulemba <script> ndi malamulo a JavaScript m'malo mwa dzina, ndipo browser ya aliyense wotsegula tsambalo idzawamvera poganiza kuti achokera kwa mwini tsamba. Vutoli limatchedwa cross-site scripting, mwachidule XSS, ndipo bungwe la CERT la ku America linachenjeza za ilo mu February 2000. Mu October 2005, Samy Kamkar anaika malamulo otere pa tsamba lake la MySpace, malo ochezerana a pa intaneti, ndipo pasanathe tsiku limodzi anali atafalikira pa masamba a anthu oposa 1 miliyoni. Chochititsa chidwi n'chakuti MySpace inali ndi chitetezo: inkasefa mawu oopsa monga javascript. Kamkar anangodula mawuwo pakati ndi mzere watsopano, sefayo sinawazindikire, koma browser zina za nthawi imeneyo zinawalumikiza n'kuwamvera. Nkhaniyi imatchulidwa kawirikawiri posonyeza kusiyana kwa kusaka mawu oipa, kumene kumafuna kuti woteteza aganiziretu machenjera onse a wakuba, ndi kusandutsa zizindikiro zonse zapadera, kumene sikufuna kudziwa cholinga cha wolemba.

Chimene chimavuta n'chakuti tsamba limodzi lili ndi malo angapo okhala ndi malamulo osiyana. Mawu oikidwa m'ndime, mawu oikidwa m'kati mwa mitengero ya lamulo la HTML, mawu oikidwa mu adiresi ya ulalo, ndi mawu oikidwa m'kati mwa JavaScript, onsewa amafuna kasandutsidwe kawokawo. Kwa zaka zambiri chida cha PHP chotchedwa htmlspecialchars chinkasiya nkhodolero osaisandutsa pokhapokha wolemba atachiuza, zimene zinali zokwanira m'ndime koma zosakwanira pamene nkhodolero ndiyo inazinga mawu. Izi zinasintha mu PHP 8.1 mu 2021. Zida zamakono zomangira masamba zinachotsa mtolowu pa munthu: Django kuyambira mu 2008 ndi Ruby on Rails kuyambira mu 2010 zimasandutsa zokha chilichonse choikidwa pa tsamba, ndipo mu React wofuna kuika HTML yosasandutsidwa ayenera kulemba dzina loopseza lakuti dangerouslySetInnerHTML.

JSON ndi ma backslash ochuluka

Mapulogalamu a pa foni akamalankhulana ndi seva, nthawi zambiri amagwiritsa ntchito JSON, kalembedwe kamene Douglas Crockford anakafalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kamene kanalembedwa mu RFC 4627 mu 2006 ndipo tsopano kali mu RFC 8259 ya 2017. Malamulo ake a escaping ndi ochepa. M'kati mwa mawu, zinthu zitatu zokha ndizo ziyenera kusandutsidwa: mtengero, backslash, ndi zizindikiro zosaoneka za manambala 0 mpaka 31, monga mzere watsopano. Nkhodolero si yapadera mu JSON, moti kulemba \' ndi kulakwa kumene pulogalamu yotsata malamulo imakana, ngakhale kuti JavaScript imalola kalembedwe kameneko m'mawu ake.

Chisokonezo chimabwera chifukwa JSON imalola zinthu zina popanda kuzikakamiza. Chilembo chilichonse chikhoza kulembedwa ndi \u ndi manambala anayi, choncho ŵ akhoza kuyenda momwe alili kapena ngati \u0175, ndipo zonsezi ndi zolondola. Zithunzi zambiri za emoji, zimene manambala ake ndi aakulu kuposa malo anayi, zimalembedwa m'magawo awiri, monga \uD83D\uDE00 pa nkhope yoseka. Kamzere ka / nakonso kakhoza kulembedwa \/ ngati wolemba afuna. Chida cha json_encode mu PHP chimachita zonse ziwirizi chokha, motero adiresi imatuluka ngati https:\/\/ ndipo olemba atsopano amaganiza kuti deta yawo yaipitsidwa. Kunena zoona siinaipitsidwe, ndipo pulogalamu iliyonse yowerenga JSON imaibwezeretsa bwinobwino. Kuyambira PHP 5.4 mu 2012 pali zosankha za JSON_UNESCAPED_SLASHES ndi JSON_UNESCAPED_UNICODE za amene safuna zimenezi, ndipo mu Python json.dumps imasiya zilembo momwe zilili ikauzidwa kuti ensure_ascii akhale False.

Pali chifukwa chomveka chosandutsira kamzereko. JSON ikaikidwa m'kati mwa tsamba, pakati pa <script> ndi </script>, browser imayamba yawerenga tsambalo monga HTML, ndipo ikaona </script> paliponse, ngakhale pakati pa mawu a munthu, imatseka gawolo pomwepo. Kulemba <\/script> kumapewa zimenezi popanda kusintha tanthauzo la deta. Apa ndi pamene pamaonekera bwino kuti mawu amodzi akhoza kukhala m'matumba awiri nthawi imodzi, la JSON m'kati ndi la HTML kunja, ndipo lililonse lili ndi zizindikiro zake zoopa.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kumanga JSON ndi manja polumikiza zidutswa za mawu, kapena kutenga JSON yomalizidwa kale n'kuipatsiranso chida chosandutsa. Zikatero mtengero uliwonse umapeza backslash, backslash iliyonse imapeza inzake, ndipo pakadutsa magawo awiri munthu amaona \\\" pamene panali mtengero umodzi. Ambiri amathamangira kufufuta ma backslash onse, koma kutero kumawononganso amene anali oyenera kukhalapo, monga a mzere watsopano. Njira yolongosoka ndi kufufuza pamene deta yasandutsidwa kachiwiri n'kuchotsapo sitepe imeneyo.

Nkhodolero mu database

Chilankhulo cha SQL, chimene mapulogalamu amalankhulira ndi database, chimazinga mawu ndi nkhodolero. Pulogalamu ikamanga funso polumikiza mawu a munthu mwachindunji, 'ng'ombe' amawerengedwa ngati mawu akuti ng otsatiridwa ndi zinthu zosamveka, ndipo funsolo limalephera. Kwa olankhula Chichewa iyi si nkhani yapatali, chifukwa nkhodolero ili paliponse m'kalembedwe kathu, mu m'mudzi, n'chifukwa, ndi m'maina a mabanja oyamba ndi Ng', monga momwe anthu a ku Ireland okhala ndi maina oyamba ndi O' amavutikira ndi mafomu okana maina awo. SQL ili ndi yankho lake, kulemba nkhodolero kawiri, 'ng''ombe', monga momwe mafayilo a CSV amalembera mtengero kawiri.

Munthu woipa amagwiritsa ntchito khomo lomwelo: amatseka mawu dala ndi nkhodolero n'kuwonjezera malamulo ake, monga otulutsa kaundula yense. Njirayi imatchedwa SQL injection ndipo inafotokozedwa poyera mu 1998 m'magazini ya Phrack. Patapita zaka 17, mu October 2015, inagwiritsidwabe ntchito pobera kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain, kumene zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 zinatengedwa, ndipo mu 2016 ofesi ya Information Commissioner inalipiritsa kampaniyo mapaundi 400,000.

PHP inayesapo kuteteza olemba ake ndi njira yotchedwa magic quotes, imene inkaika backslash patsogolo pa nkhodolero iliyonse yochokera ku fomu deta ikangolowa. Cholinga chinali chabwino, koma njirayi inkasandutsa deta isanadziwe kumene ikupita. Mawu opita pa tsamba kapena mu imelo nawonso ankalandira backslash, ndipo wolemba wosamala amene ankachitanso escaping yake ankasunga ma backslash owonjezera mu database. Ndiko kunachokera ng\'ombe wa pa masamba akale. Magic quotes inalengezedwa kuti ndi yotha ntchito mu PHP 5.3 mu 2009 ndipo inachotsedwa mu 5.4 mu 2012. Lero akatswiri amalangiza ma prepared statement, momwe funso limatumizidwa palokha lili ndi mipata, deta n'kutumizidwa padera, kotero kuti database siisakanizanso ziwirizi ndipo escaping siifunikanso pamalo amenewo.

Kusandutsa kawiri ndi kubwezeretsa kawiri

Pa zonse zafotokozedwazi pakutuluka mfundo imene akatswiri ambiri amagwirizana: deta isungidwe momwe mwiniwake anailembera, isandutsidwe kamodzi pa nthawi imene ikutuluka, molingana ndi malo amene ikupita, ndipo wolandira aibwezeretse kamodzi. Ikasandutsidwa kawiri, %20 amakhala %2520 chifukwa % wasanduka %25, ndipo &amp; amakhala &amp;amp;. Zimenezi zimanyansa m'maso koma kawirikawiri siziika munthu pangozi.

Kubwezeretsa kawiri ndiko koopsa. Mu 2001 seva ya Microsoft IIS inapezeka ndi vuto lakuti inkabwezeretsa adiresi kamodzi, n'kuifufuza ngati ili ndi zizindikiro zoletsedwa, kenaka n'kuibwezeretsanso. Wakuba ankalemba %255c, amene pa ulendo woyamba ankasanduka %5c n'kudutsa pa kufufuzako monga mawu osalakwa, ndipo pa ulendo wachiwiri ankasanduka backslash, imene inkamulola kutuluka m'foda ya tsamba n'kufika pa mafayilo a kompyuta yonse. Vuto la mtundu umenewu limabukabe pamene deta ikudutsa m'makina angapo otsatizana, monga chotchinga, seva yapakati ndi pulogalamu yeniyeni, aliyense akubwezeretsa mwa njira yake.

Mafunso amene sanathe

Funso loyamba ndi la malamulo a URL enieniwo. Pali RFC 3986, imene mapulogalamu ambiri a pa seva amatsata, ndipo palinso ndondomeko ya bungwe la WHATWG, imene ma browser amatsata, yolekerera zolakwa zambiri. Mwachitsanzo, mu adiresi ya http imawerenga backslash ngati /. Oikira kumbuyo ndondomeko ya WHATWG amati ikufotokoza zimene zimachitikadi pa masamba mabiliyoni amene alipo kale, pamene ena amati kulekerera kumeneko kumachititsa kuti mapulogalamu awiri amve adiresi imodzi mosiyana, ndipo akuba amadyerapo pa kusiyanako.

Lachiwiri ndi la mawu amene ayenera kukhala ndi HTML ndithu, monga nkhani yolembedwa ndi mlendo yokhala ndi zilembo zokhuthala (bold) ndi maulalo. Apa kusandutsa zonse kungaphe kalembedweko, choncho pamafunika kusefa, kulola malamulo ena n'kukana ena, ndipo zosefera zakhala zikugonjetsedwa mobwerezabwereza. Njira monga Content Security Policy ndi Trusted Types zimasamutsira gawo la chitetezo ku browser, koma kuziika pa tsamba lakale ndi ntchito yaikulu, ndipo pali kusiyana maganizo pa kuchuluka kwa udindo umene uyenera kukhala pa browser ndi umene uyenera kutsala kwa wolemba pulogalamu.

Lachitatu likukhudza kalembedwe kathu mwachindunji. Unicode ili ndi zizindikiro zingapo zooneka ngati nkhodolero: yowongoka ya U+0027, yopindika ya U+2019, ndi ina ya U+02BC imene imawerengedwa ngati chilembo osati chizindikiro chopumira. Kwa kompyuta, ng'ombe wolembedwa ndi iliyonse mwa zitatuzi ndi mawu osiyana, motero wofufuza dzina m'kaundula akhoza kulephera kulipeza ngakhale lilimo. Nayenso ŵ akhoza kusungidwa ngati chilembo chimodzi kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachipewa ka U+0302. Unicode ili ndi njira yotchedwa normalization imene imagwirizanitsa mitundu iwiri ya ŵ, koma siigwirizanitsa nkhodolero zitatuzo. Pulogalamu iliyonse iyenera kusankha yokha ngati izisandutsa zonse kukhala imodzi posunga, zimene zikusemphana ndi mfundo yosunga deta momwe mwiniwake anailembera, kapena kuzisiya momwe zilili n'kuzifananitsa pa nthawi yofufuza yokha, zimene zimafuna ntchito yowonjezera pa funso lililonse lopita ku database.